Kiyibodi Ikafuna Kulira Ngati Sakisofoni

Pa zoimbira zonse zimene akatswiri a synthesizer (kiyibodi yopanga mawu ndi magetsi) amayesa kutsanzira, sakisofoni ili m'gulu la zovuta kwambiri. Anaipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, yemwe analembetsa luso lakeli ku Paris mu 1846. Thunthu lake ndi la mkuwa, koma mawu amachokera pa kachidutswa ka bango komangiriridwa kukamwa kwake. Woimba akauzira, kabangoko kamanjenjemera, ndipo milomo, lilime, nsagwada ndi mmero wake zimasintha kaliridwe kake mosalekeza. N'chifukwa chake Coleman Hawkins ndi Lester Young, onse oliza sakisofoni ya tenor, ankamveka mosiyana: mawu a Hawkins anali olemera, a Young opepuka ndi osalala.

Ntchito imayamba ndi kusankha funde la mawu. Mphako ya sakisofoni imanka nikula kuyambira kukamwa mpaka kumapeto, choncho noti iliyonse imatuluka ndi timawu tonse tapamwamba totsagana nayo, totchedwa harmonics. Funde la sawtooth nalo lili ndi timawu tonseti, ndiye limayenerera kuposa la square, lomwe limamveka ngati clarinet. Fundeli amalipititsa mu filter, imene imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: imachotsa timawu tokalipa n'kusiya tofewa. Kenako amathiramo phokoso pang'ono longa la mphepo, makamaka poyambira noti, kuti pamveke mpweya.

Komabe zimenezi pazokha sizikwanira. Woliza sakisofoni akawonjezera mpweya, mawu sangokwera kokha, amathwanso, akachepetsa, amafewa. Kiyibodi wamba imangoyeza mphamvu ya chala pamene chikugunda, ndipo noti imalira chimodzimodzi mpaka chalacho chitachoka. Mankhwala ake ndi kulumikiza mphamvu ya mawu ndi kutseguka kwa filter ku chinthu chimodzi chimene woimba angasunthe noti ili mkati molira. Ena amagwiritsa ntchito kagudumu ka pambali pa kiyibodi, ena chopondera, ena kachipangizo kouzira pakamwa. Yamaha DX7 ya mu 1983, yomangidwa pa njira yopangira mawu ya FM imene John Chowning anatulukira ku Stanford, inali ndi polowetsera kachipangizoka, ndipo malamulo a MIDI, olumikizira zoimbira zamagetsi, anapatula nambala 2 kuti izinyamula uthenga wa mpweya. Mu 1987 kampani ya Akai inayamba kugulitsa EWI, chida chouzira chamagetsi chimene anapanga Nyle Steiner, ndipo Michael Brecker anachitchukitsa mu jazi.

Njira ina ndi yojambula sakisofoni yeniyeni noti ndi noti, monga zinalili m'makiyibodi ngati Korg M1 ya mu 1988. Noti imodzi payokha imamveka bwino, koma zikatsatizana zimauma chifukwa kulumikizana kwake kulibe. Pofuna kuthetsa vutoli, Yamaha inatulutsa VL1, yozikidwa pa kafukufuku wa Julius Smith, wa ku Stanford komweko. Makinawa sasunga mawu ojambula. Amawerengetsera mmene bango, mpweya ndi mphako zimakankhanirana. Mapulogalamu a pakompyuta monga SWAM akutsata nzeru yofananayo masiku ano.

Jazi imafunanso kalankhulidwe kake. Sakisofoni imaliza noti imodzi pa nthawi, choncho synthesizer iyenera kutcheredwa kuti isalize ziwiri pamodzi, ndiponso kuti noti zotsatizana zizilumikizana popanda kuyambiranso. Oimba jazi amakonda kufika pa noti kuchokera pansi pang'ono, ndipo kagudumu kopinda mawu kamathandiza pamenepa. Kunjenjemera kwa mawu, komwe woimba amachita ndi nsagwada, kuyenera kubwera noti italira kale, osati poyambira. Mawu ofewa odzaza mpweya, amene Ben Webster ankadziwika nawo m'nyimbo zodekha, amapezeka potseka filter ndi kukweza phokoso la mphepo lija. Mawu okhakhala, omwe woimba amatulutsa pong'ung'udza kukhosi uku akuuzira, amatsanziridwa pogwedeza fundelo mwaliwiro kwambiri.

Chomaliza ndi kasanjidwe ka nyimbo. Gulu lalikulu la jazi limakhala ndi masakisofoni asanu: ma alto awiri, ma tenor awiri ndi baritone imodzi. Kuliza noti zisanuzo ndi dzanja kamodzi kumatulutsa mawu onga a limba. Mzere uliwonse uyenera kujambulidwa pawokha, wosiyana pang'ono ndi unzake pa nthawi yoyambira ndi pa kachunidwe, alto yotsogolera ikumveka pamwamba. Wosanja asapitirire malire a noti zimene chida chilichonse chingafike, ndipo azisiya mipata yopumira, pakuti khutu la womvera limazindikira msanga mzere wautali umene palibe chifuwa cha munthu chingaupirire.