Mmene katundu anatsikira pamutu

Sitima ziwiri zotchedwa Ilala zinadutsa mtunda wa m'dziko muno zili zidutswazidutswa, koma kabweredwe kake n'kosiyana kotheratu. Yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inafika mu 1875. Itakwera Shire mpaka kumunsi kwa mathithi a Kapichira anaimasula yonse, ndipo amuna mazanamazana anasenza zitsulo zake mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kukailumikizanso kumtunda kwa mathithiwo. Yachiwiri, iyi tikukwera mpaka leroyi, inapangidwa ku Scotland mu 1949. Zidutswa zake zitatsika ku Beira zinangopakiridwa m'mabogi, ulendo wa ku Chipoka basi. Chisitima chonse chija kufika kunyanja osadzera pamutu pa munthu!

Kuti mumvetse chifukwa chake nkhaniyi imanditsekemera, muyambe mwaona mmene zinalili kale. Pafupifupi chilichonse cholowa kapena kutuluka mu Nyasaland chinkayenda pamutu pa amtengatenga. Sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkatula katundu ku Chiromo kapena kwa Katunga, ndipo kuchoka apo kunali kukwera chitunda cha ku Blantyre ndi mtolo wa makilogalamu oposa 20 pankhata. Nsalu, mchere, malata, makina zinkakwera. Khofi, fodya ndi thonje zinkatsika. Mzungu naye anali katundu, ankamunyamula pa machila. Ambiri sankapita mwa kufuna kwawo, unali msonkho wa nyumba umene unkawatulutsa m'mudzi, ndipo bambo akakhala panjira nthawi ya dzinja, kumunda kunkatsala mayi ndi ana. Shire nayenso ankachita mwano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi anaphwera kwambiri moti sitima zinkatitimira mumchenga, zokolola n'kumaolera padoko.

Ndiye kunabwera njanji. Kampani ya Shire Highlands Railway inayamba ntchito mu 1903, chaka chotsatira n'kulumikiza Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi Chiromo. Kuchoka apo njanji inatsata mtsinje wa Ruo, kukhotakhota m'mapiri, kudzera ku Luchenza, mpaka mu 1908 sitima inalira mu Blantyre. Makilomita 182! Ulendo umene unkadya masiku ndi mapazi otupa unasanduka wa tsiku limodzi, munthu atakhala pansi, mitengo ikuthawira m'mbuyo. Pa Limbe pamene panalibe tawuni panamera siteshoni, magalaja a sitima, fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco ndi masitolo a amwenye.

Komabe Zambezi anali chitsekereni njira. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915, ina yochokera ku Beira inafika tsidya linalo ku Murraça mu 1922, koma pakati pake panali mtsinje waukulu. Katundu yense amatsitsidwa, kukwezedwa m'maboti, kuoloka, kupakiridwanso. M'chilimwe maboti ankakakamira pamchenga, m'dzinja madzi osefukira ankamiza magombe. Mankhwala ake anapezeka mu 1935: mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wa makilomita 3.7, umene panthawiyo unali wautali kuposa milatho yonse ya njanji mu Africa. Tiyi wopakiridwa ku Luchenza tsopano ankakatsikira padoko la Beira ali m'bogi yomweyo. Chaka chomwecho njanji inadutsa Balaka kukafika ku Salima, nyanja ya Malawi n'kugwirana chanza ndi nyanja ya mchere.

Inde, njanjiyi anaimangira eni maesiteti, ndipo ngongole yake inalemera pa dziko losauka kwa zaka zambiri. Koma anakumba ndi makasu ndi mapiki, kuyala zitsulo padzuwa la kuchigwa, anali makolo athu, ndipo ana awo anaitenga n'kuiyesa yawo. Amayi a nthochi a ku Thyolo ankadikira sitima pa Sandama ndi mikoko yawo. Nsomba zouma, nzimbe, nkhuku za m'zikwere, ana asukulu ndi masutikesi awo, zonse zinkapeza malo, ndipo pa siteshoni iliyonse malonda ankachitikira pawindo.

Titalandira ufulu sitinaime. Mu 1970 njanji inatuluka pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, kulowa mu Mozambique pa Nayuchi, n'kutitsegulira doko lakuya la Nacala. Mu 1979 inafika ku Lilongwe ndi thandizo la Canada, mu 1980 ku Mchinji, ndipo mu 2010 abale athu a ku Chipata anailandira ndi nthungululu.

Lero kaimeni pa Liwonde muone sitima ya malasha yochokera ku Moatize, paulendo wake wa makilomita 912 wopita ku Nacala-a-Velha. Mabogi oposa 100, mutu uli kale tsidya lija mchira usanaoneke, nthaka ikunjenjemera. Bogi imodzi yokha mwa amenewo yanyamula mtolo umene ukanafuna amtengatenga oposa 2,000, ndipo woyendetsa wakhala phee pampando, akubayibitsa ana.