Amisiri a mawaya ndi galimoto yolira ikafuna

Amisiri a magetsi a galimoto amadana kwambiri ndi vuto lobwera n'kuchoka. Galimoto yakana kulira m'mawa pakhomo, mwini wake wayesa kangapo mpaka yavomera. Masana yakananso pamsika. Koma ingofika kugalaja, imalira kamodzi n'kamodzi, ngati mwana amene amachira akangoona chipata cha chipatala. Mwini wake amayamba kulumbira kuti sakunama, mmisiri n'kumangogwedeza mutu, podziwa kuti tsiku lake lathera pomwepo.

Ku Biwi ndi ku Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, pakati pa amakaniko a injini, owotcherera ndi okhoma mabodi, pamakhala mmodzi amene anzake amangomutchula kuti wamawaya. Zida zake zimakwana m'kachikwama: mita yoyezera magetsi, kababu komangirira ku waya, pulayala, tepi yakuda ndi mafyuzi angapo. Ena mwa amisiri amenewa anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical ndi Soche, pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Koma ambiri anaphunzirira pagalaja pomwepo, kuyambira kutumidwa masipanala ndi kutsuka zitsulo m'petulo, mpaka tsiku limene bwana anawalola kumasula sitata okha.

Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kutsegula boneti. Amayamba ndi mafunso. "Bwana, ikakana imati bwanji? Imangoti tche, kapena imakhala zii? Injini imazungulira koma osagwira? Imachita zimenezi m'mawa kapena ikatentha?" Yankho lililonse limaloza kwake. Injini yozungulira mwaulesi imaloza ku batire kapena ku mawaya akuluakulu. Yongoti tche kamodzi imaloza ku sitata. Yozungulira bwinobwino osagwira ndi nkhani ina: mwina pampu ya petulo sikulandira moto, mwina kachipangizo kouza kompyuta ya galimoto mmene injini ikuzungulira kamafooka kakatentha, n'kudzagwiranso ntchito kakazizira. N'chifukwa chake mmisiri amauza mwini galimoto kuti atembenuze kiyi pang'ono, iye atatchera khutu chakumbuyo, kumvetsera ngati pampu ing'ung'udze kwa masekondi awiri kapena atatu.

Woyamba kunamiziridwa nthawi zonse ndi batire. Anthu ambiri agula latsopano lakale lili bwinobwino. Batire lodzaza limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo siliyenera kutsika kupitirira 9.6 pamene sitata ikuzungulira. Injini ikalira, mita iyenera kuonetsa pafupifupi 14, kusonyeza kuti olitaneta ikutchaja. Manambala amenewa akakhala bwino, batire lilibe mlandu. Sitata imakoka moto wambiri, ma ampu oposa 100 ngakhale pa galimoto yaing'ono, choncho kadzimbiri kochepa pa temino, kapena bawuti womasuka pa waya wa ethi wochokera ku injini kupita ku bodi, n'kokwanira kuigwetsa ulesi. Nyali ziyaka, wailesi ilira, koma sitata ayi. Mukagunda bampu waya uja amakhudza bwino, galimoto n'kumalira sabata yonse, mwini wake n'kumati yachira yokha.

Apa ndi pamene pamaonekera mmisiri weniweni. Amaika mita pakati pa batire ndi sitata, wina akutembenuza kiyi, kuti aone moto umene ukutayika m'njira. Ukapitirira theka la volti, ndiye kuti penapake pali potchinga. Amagwedeza mawaya mmodzimmodzi, amakhudza mateminowo kumva ngati atentha, amasinthanitsa rile ya sitata ndi inzake yofanana nayo. Nthawi zina amaisiya galimoto ikulira mpaka itenthe, n'kuizimitsa, n'kudikira kuti ikane ali pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madalaivala a minibasi ndi a Sienta ali ndi mankhwala awoawo: kugogoda sitata ndi sipanala. Zimathekadi, chifukwa mabulashi akatha, kugogodako kumawakhudzitsa kwa kanthawi. Koma ndi kugula masiku chabe, ndipo wogogoda mwaukali amatha kuswa maginito a m'kati. Pa masitata a Denso, omwe ali m'magalimoto ambiri a Toyota, chimene chimatha kawirikawiri ndi tizitsulo ta kopa ta mu solenoyidi. Mmisiri wachilungamo amasintha timeneti basi. Wina amakugulitsani sitata yonse yakale yochokera m'galimoto yophwasulidwa, yomwe tizitsulo take tatsala pang'ono kutha chimodzimodzi.

Ntchitoyi yasintha ndi magalimoto ochokera ku Japan, olowera pa doko la Dar es Salaam n'kudzadutsa pa Songwe. Ma Vitz, ma Passo ndi ma Note ambiri ndi a otomatiki, ndipo otomatiki sikankhidwa. Kale galimoto ikakana, anyamata a pamsewu ankaikankha, nkhani n'kutha. Lero imakhala pomwepo mpaka wamawaya afike pa kabaza. Ilinso ndi kaswitchi koletsa injini kulira giya isanakhale pa P kapena pa N, ndipo kakayamba kutopa, galimoto imakana pa P n'kuvomera pa N. Makiyi ena ali ndi kachipu kamene galimoto iyenera kukazindikira. Ichi n'chifukwa chake amisiri ambiri tsopano ali ndi makina olumikiza pansi pa chiwongolero, owerenga zimene kompyuta yasunga. Makinawo amathandiza, koma sadziwa za waya amene khoswe anatafuna, kapena madzi amene analowa m'soketi potsuka injini. Sadziwanso za mawaya amene munthu wina anadula poika alamu kapena wailesi, n'kungowapotokola ndi zala, n'kukulunga tepi. Amisiri amathera maola ambiri akumasula ntchito za anzawo zotere.

Chimene chimawononga ntchitoyi ndi kalipiridwe. Mwini galimoto amatulutsa ndalama mosanyinyirika akaona chitsulo chatsopano. Koma mmisiri akatha maola atatu akufufuza, n'kupeza bawuti mmodzi womasuka, amamva kuti, "Aa, achimwene, kungomanga pokhapo?" Motero ena anachenjera: amasintha batire lero, rile mawa, sitata mkuja, mpaka china chidzagwe m'malo, inu mukulipira chilichonse.

Galimoto yanu ikayamba khalidweli, sungani m'mutu nthawi imene yakanira, phokoso limene yachita, ndiponso ngati nyali za pa dashibodi zinazilala. Ngati n'kotheka jambulani pa foni kuti mmisiri akamve yekha. Akakuuzani kuti mugule chitsulo, mufunseni zimene mita yaonetsa. Ndipo akapeza vuto popanda kukugulitsani kanthu, mulipireni maola akewo mosanyinyirika.