Mpunga wodwala popanda kachilombo

Ntchito yanga ndi yofufuza majini a mpunga, ndipo mbewu zimene ndimazisamala kwambiri ndi zomwe mlimi angazule tsiku lomwelo. Masamba ake amakhala mawangamawanga ofiirira, ena amachita chikasu mbewu isanabereke n'komwe. Koma mukapima tsambalo simupezamo fangasi kapena bakiteriya. Mbewuyo imakhala ikupha yokha maselo ake.

Kupha maselo ndi chida chimene mpunga wopirira matenda uli nacho kale. Fangasi woyambitsa matenda a blast akaboola tsamba, maselo a pamalopo amatulutsa mankhwala owotcha, monga hydrogen peroxide, n'kufa msanga kuti mdaniyo asowe chakudya. Zili ngati kutentha udzu mozungulira nkhokwe moto wolusa usanafike. Ndiye pali majini amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti kutenthako kusayambe popanda chifukwa komanso kusapitirire malire. Jini imodzi yotere ikawonongeka, mbewu imamenya nkhondo usana ndi usiku mdani palibe.

Ichi ndi chifukwa chake timazifuna mbewu zoterezi. Jini imadziwika ntchito yake ikasiya kugwira. Ofufuza amanyika mbewu m'mankhwala otchedwa EMS kapena kuziwomba ndi cheza champhamvu, n'kudzala mbadwo wachiwiri, kenako n'kuyenda mzere ndi mzere kufunafuna yachilendo. Ku Japan anaulemba kale mpunga wotere mu 1965, umene mawanga ake amatchedwa a Sekiguchi. Mu 2002 anapeza jini ya spl7, yothandiza mbewu kupirira kutentha. Ikawonongeka, mawanga amachuluka kukatentha ndiponso dzuwa likawala kwambiri. Pa mitundu yambiri yotere zimenezi mutha kuziona ndi maso. Mukakulunga kachidutswa ka foilo pakati pa tsamba lanthete n'kudzakachotsa patatha sabata, pamene panaphimbika pamakhala pobiriwira bwinobwino, kumtunda ndi kumunsi kuli mawanga okhaokha.

Chimene chimatikopa ife n'chakuti mbewu zambiri zotere sizigonja msanga ku matenda enieni. Mpunga wowonongeka jini ya spl11, imene inadziwika mu 2004, umapirira mitundu ingapo ya blast komanso bakiteriya woumitsa masamba. Kupirira kofala chonchi n'kwamtengo, chifukwa jini yolimbana ndi mtundu umodzi wokha wa fangasi nthawi zambiri imagonja pakangopita zaka zochepa, fangasiyo akasintha.

Vuto lake ndi zokolola. Tsamba la pamwamba penipeni, loyandikana ndi ngala, ndi limene limadyetsa kwambiri njere zikamakhwima. Likakalamba nthawi isanakwane, monga zimachitikira pa mpunga wowonongeka jini ya spl28, ngala imadzaza mphwepwa. Mpunga wosadwala koma wosabereka palibe mlimi angaufune, ndipo ndimaona kuti ife ofufuza tinkafulumira kusangalala ndi kupirirako osayamba tayeza kulemera kwa njere.

Mu 2023 gulu la Guotian Li wa ku Huazhong Agricultural University ku China, pamodzi ndi Pamela Ronald wa ku University of California, Davis, linasonyeza njira. Linapeza mbewu ya mpunga wa Kitaake imene jini yake ya RBL1 inataya zilembo 29 za DNA. Inkapirira matenda osiyanasiyana, koma inkabereka pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 20 a zokolola za masiku onse. Pogwiritsa ntchito njira yodulira majini yotchedwa CRISPR anadula jini yomweyo m'njira zambirimbiri, mpaka anapeza mbewu yotaya zilembo 12 zokha. Mawanga ake anali aang'ono, kupirira kunatsala, ndipo m'minda yoyeserera zokolola sizinatsike.

Minda imeneyo inali yaing'ono, ndipo Kitaake ndi mpunga wofupika, wocha msanga, umene timaukonda chifukwa suvuta m'nyumba zoyesera. Sindingalimbikitse aliyense kuika kusinthaku mu Kilombero kapena Faya kusanayesedwe m'minda ikuluikulu, kwa zaka zingapo, pa dzuwa ndi kutentha kwa ku Karonga ndi ku Salima.