INJINI IKAMANJENJEMERA GALIMOTO ITAIMA, MUSAYAMBIRE PA KABULETA

Wolemba Mtolankhani Wathu

RUFUNSA — Nyengo yogulitsa cimanga ikafika, vaneti yakale imasanduka ng'ombe ya mudzi wonse. Ndiyo imatuta matumba m'midzi ya kwa Mfumu Mpanshya, kwa Bunda Bunda ndi kwa Shikabeta kupita nao kumisika ya Food Reserve Agency, ndiyo imabweretsa feteleza mvula isanagwe, ndipo mai woyembekezera akafika pa nthawi yake usiku, ndiyonso imathamangira ku cipatala ca St Luke's ku Mpanshya.

Pakati pa galimoto zimenezi pakali zina zakale zoyendera petulo: Datsun 1200 ndi mng'ono wake Nissan 1400, imene anaipanga ku South Africa kufikira mu 2008, Toyota Hilux za injini ya 12R, 18R kapena 4Y, Peugeot 404 ndi 504, ndiponso Land Rover. Zonsezi ziri ndi kabuleta, kacipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya, ndipo ziribe kompyuta. Ubwino wake ndi wakuti mwini wake, ali ndi sipanala, sikuludiraiva ndi makutu abwino, angathe kupeza yekha matenda ambiri.

Dandaulo lofala pa galimoto zotere ndi lakuti pamseu zimathamanga bwino, koma zikangoima injini imayamba kunjenjemera, kutsokomola, kenaka nkuzima.

SI VUTO LOLIPEPUTSA

Ena amati bola galimoto ikuyenda. Koma aliyense amene anatsikapo mapiri a Manenekela pa mseu wa Great East, polowera ku mlatho wa Luangwa, adziwa kuti mabuleki ndiwo moyo. Pa galimoto zimene ziri ndi busta ya mabuleki, mphamvu yothandiza phazi imacokera ku kukoka mpweya kwa injini. Injini ikazima pamene dalaivala waponda kilachi pamtsetse, thandizolo limatha akaponda kawiri kapena katatu, ndipo buleki imauma ngati mwala kumbuyo kuli matumba.

Palinso nkhani ya ndalama. Rufunsa, imene inakhala boma paokha mu 2012 atailekanitsa ndi Chongwe, iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kucokera ku Lusaka, kumene zipangizo zambiri za galimoto zakale zimapezeka. Munthu wogula zipangizo mongoganizira amalipira ulendo kawiri kapena katatu, matenda ali pompo.

ZIMENE INJINI IMAFUNA

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: msanganizo woyenera wa petulo ndi mpweya, moto wa pulagi wofika pa nthawi yake, ndi mphamvu yopanikiza msanganizowo m'silinda. Pa kulemera kwake, gawo limodzi la petulo limafuna magawo a mpweya pafupifupi 15.

Galimoto ikaima phazi litacoka pa mafuta, injini imazungulira pang'onopang'ono, nthawi 700 kapena 800 pa mphindi imodzi. Khomo la mpweya m'kabuleta limakhala pafupifupi lotseka, ndipo petulo amadzera pa kabowo kakang'ono ngati nsonga ya singano, kochedwa jeti ya aidulo. Popeza zonse zimene zikulowa ndi zocepa, kacilema kakang'ono kamene sikaoneka pa liwiro kamaonekera msanga pamenepa.

Colakwa ca ambiri ndi kuthamangira sikuluwu ya pa kabuleta, cifukwa ndiyo iri pafupi ndi dzanja. Kuipotokola kumabisa matenda kwa masiku ocepa, petulo nkuyamba kutha msanga, ndipo makanika amene adzaigwire pambuyo pake amapeza matenda awiri m'malo mwa amodzi. Kabuleta amasenzetsedwa milandu yambiri ya anzake. Sikuluwu imeneyi ndi yogwira pomalizira.

YAMBANI NDI MAKUTU NDI MASO

Imikani galimoto pabwalo, osati m'nyumba yotseka, pakuti utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Kokani handibuleki, ikani miyala kumawilo, ndipo lolani injini itenthe choki itabwezedwa mkati. Manja a malaya ndi zala zikhale kutali ndi fani.

Tsono cherani khutu. Injini imene ikudumpha pa kamvekedwe kamodzimodzi, ngati ng'oma yosowa dzanja limodzi, nthawi zambiri iri ndi silinda imodzi yosagwira nchito. Imene ikukwera ndi kutsika yokha kawirikawiri iri ndi vuto la msanganizo. Yang'ananinso kuekizosi. Utsi wakuda ndi fungo la petulo zitanthauza kuti petulo wacuruka. Utsi wobiriwira motuwa ndi oilo amene akupsa. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, madzi a m'rediyeta akucepa, ukuloza ku gasiketi ya hedi.

MOTO WA MAPULAGI

Injini ikulira, cotsani waya wa pulagi imodzi ndi pulayala ya zogwirira za mphira, mumvetsere, nkuubwezera. Citani cimodzimodzi pa zonse zinai. Silinda yamoyo mukaicotsera waya, injini imagwa mphamvu. Imene mwacotsa waya koma osasintha kanthu, ndiyo yodwala. Musagwire wayayo ndi dzanja, magetsi ake amaluma kwambiri.

Zimitsani injini, masulani mapulagi ndi kuwaika m'ndandanda monga munawacotsera, pakuti pulagi ndi mboni ya zimene zikucitika mkati. Yofiirira ngati dothi louma iri bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti petulo wacuruka kapena moto ndi wofooka. Yakuda ndi yonyowa oilo ikunena za malingi kapena njira za mavavu zimene zatha. Yoyera mbuu ikunena kuti petulo akucepa. Ngati zonse zinai zikufanana, funani vuto pa cinthu cimene cimatumikira zonse, monga kabuleta, eyakilina kapena koilo. Ngati yosiyana ndi imodzi, vuto liri pa silinda imeneyo, pa waya wake kapena pa pulagiyo. Isinthanitseni ndi inzake: matenda akasamuka nayo, mwaipeza mbala.

Tsegulani cibvundikiro ca distributa. Mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, kapena kamzere kakuda mkati, zimaba moto, makamaka nthawi ya mvula. Mapointi akapsa kapena mpata wake ukacepa, moto umafooka ndipo nthawi yake imasokonezeka. Pa injini zambiri za Toyota ndi Datsun mpata wa mapointi ndi pafupifupi 0.45 mm, ndipo wa mapulagi ndi pafupifupi 0.8 mm, yezani ndi fila geji, osati ndi diso. Mapointi akamapsa msangamsanga, kondensa ndiye woyamba kumkayikira. Mukasintha mpata wa mapointi, taimingi nayo iyenera kuonedwanso.

Usiku, tsegulani boneti injini ikulira pamdima. Mukaona timoto tikuthetheka pa mawaya, mawayawo atha. Ngati wina anawazulapo onse pamodzi, tsimikizani kuti anabwerera m'malo mwake. Pa injini zachulidwazi za masilinda anai, moto umayenda motere: 1, 3, 4, 2.

MPWEYA WOCEPA NDI MPWEYA WAKUBA

Miseu yocoka pa tara kulowa kumidzi ndi ya fumbi, ndipo m'cilimwe eyakilina imatsekeka msanga. Icotseni kwa kanthawi galimoto iri pamalo opanda fumbi. Injini ikakhazikika, ndiye kuti imabanika. Ya pepala igogodeni pang'ono kapena gulani ina. Ya oilo, monga ya pa Land Rover, itsukeni ndi kuthira oilo watsopano kufika pa mzere wake. Musayende opanda eyakilina, fumbi limadya malingi ngati mcenga.

Vuto lobisika koposa ndi mpweya wolowera pambali, wosadzera m'kabuleta. Umasukulutsa msanganizo monga madzi ocuruka m'thobwa. Kuti muudziwe, kokani choki pang'ono injini itatentha. Ikayamba kulira bwino, ndiye kuti petulo amacepa: mwina mpweya ukuba, mwina jeti ya aidulo yatsekeka.

Mverani ngati pali kamluzu pafupi ndi tsinde la kabuleta kapena pamene manifodi yakumana ndi hedi. Dontheza madzi pang'ono m'malo amenewa. Kulira kwa injini kukasintha, gasiketi yatha kapena manati amasuka. Musagwiritse nchito petulo poyesa zimenezi, moto sucenjeza. Tsatani timapaipi tonse ta mphira, kuphatikizapo kopita ku distributa, pakuti dzuwa ndi zaka zimatiumitsa nkuting'amba kunsonga. Paipi yaikuru yopita ku busta ya mabuleki ifinyeni ndi pulayala. Injini ikakhazikika, busta ndiyo ikudontha mpweya, ndipo galimoto imeneyo isanyamule katundu kapena anthu kufikira itakonzedwa.

Pa kabuleta wokalamba kwambiri, gwedezani kamtanda kamene kamatsegula khomo la mpweya. Kakamagwedera m'mbali, mpweya ukulowera pamenepo, ndipo palibe sikuluwu imene ingacize zimenezo koma kuika mabushi atsopano.

PETULO WA M'ZIGUBU

Kumene filing'i sitesheni iri kutali, anthu amasunga petulo m'zigubu ndi m'madiramu, ndipo dothi, dzimbiri ndi madzi zimalowera pamenepo. Thirani petulo pang'ono m'botolo loyera ndi kulisiya likhazikike. Madzi ndi olemera kuposa petulo, amakhala pansi moonekeratu. Yang'anani fyuluta ya petulo. Ikadzaza zinyalala isintheni, ndi yochipa.

M'kabuleta muli kambale kosungira petulo, ndi fuloti imene imatseka kasingano petulo akafika pa muyezo wake. Pa makabuleta ambiri a galimoto za ku Japan pali kagalasi koonera muyezowo. Fuloti ikaboka kapena kasingano kakagwidwa ndi kacitsotso, petulo amasefukira, utsi umada, ndipo mapulagi onse amadzaza mwaye. Makabuleta ena ali ndi kavavu ka magetsi kotseka petulo wa aidulo pozimitsa injini. Mukatembenuza kiyi kayenera kumveka kuti "ke". Kakakhala cete, onani waya wake ndi fyuzi.

Jeti ya aidulo ikatsekeka, imasuleni, itsukeni ndi kuipopera ndi pampu ya njinga. Musaitokose ndi waya kapena singano. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, ndipo bowo likakula silibwereranso.

MAVAVU NDI MPHAMVU YA SILINDA

Silinda ikakhalabe yakufa pulagi ndi waya ziri bwino, vuto liri mkati. Gwirani kapepala pakamwa pa ekizosi. Kayenera kukankhidwa kunja nthawi zonse. Kakamayamwidwa mkati mwa apo ndi apo, mwina vavu yapsa. Yambani ndi kuyeza mipata ya matapeti monga buku la galimotoyo linenera, pakuti vavu yothina siitseka bwino ndipo potsiriza imapsa.

Izi ndi zofunika makamaka pa injini zakale kwambiri za hedi ya citsulo, monga Land Rover, zimene zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu. Mtovuwo unkateteza pokhalira mavavu, koma unali woononga thanzi la anthu, makamaka ana, ndipo mu 2021 bungwe la United Nations linalengeza kuti petulo wotere waleka kugulitsidwa kwa galimoto padziko lonse. Pa injini zimenezi, zikamagwira nchito yolemetsa, mipata ya matapeti imatha kucepa msanga, motero iyenera kuonedwa kawirikawiri.

Makanika ali ndi geji yoyezera mphamvu ya silinda iriyonse. Masilinda onse ayenera kuyandikana. Imodzi ikatsalira kwambiri, amathiramo kasupuni ka oilo nkuyezanso. Muyezo ukakwera, malingi ndiwo atha. Ukapanda kukwera, ndi vavu kapena gasiketi. Apa ndi pamene mwini galimoto ayenera kusiyira odziwa. Safunsa anadya phula.

TSOPANO GWIRANI SIKULUWU

Moto, mpweya, petulo ndi mavavu zikakhala bwino, nthawi ya kabuleta yakwana. Pali masikuluwu awiri: ya liwiro, imene imakankha khomo la mpweya, ndi ya msanganizo, imene iri kutsinde. Injini itazima, mangani ya msanganizo pang'onopang'ono mukuwerenga, kufikira itangogunda, osaikakamiza, cifukwa nsonga yake imaonongeka. Lembani ciwerengeroco kuti mudziwe pobwerera. Pa makabuleta ambiri poyambira pabwino ndi kuimasula kuzungulira kawiri.

Lizani injini itenthe, eyakilina iri m'malo mwake. Mangani sikuluwu pang'onopang'ono kufikira injini itayamba kugwa, kenaka masulani kufikira italira mosalala ndi mokwera koposa. Pamenepo tsitsani liwiro ndi sikuluwu inayo. Ngati mukupotokola ya msanganizo koma injini siisintha konse, njira ya aidulo ndi yotsekabe kapena mpweya ukubabe penapake, bwererani m'mbuyo.

Kumbukiraninso kuti kabuleta sadziwa kumene ali. Lusaka iri pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja ya mcere, pamene cigwa ca Luangwa pa mlatho sicifika mamita 500, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka kuposa wa kucigwa. Conco ndi bwino kukonza msanganizo kumene galimoto imagwirira nchito masiku ambiri. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kucigwa kumatha kuwiritsa petulo m'kabuleta galimoto ikaima itayenda ulendo wautali. Imavuta kuliza ndi kunjenjemera kwa kanthawi, kenaka nkukhazikika. Pamenepo onani ngati kathabwa koteteza kutentha kali pansi pa kabuleta ndiponso kuti paipi ya petulo siinayandikire ekizosi.

Eni galimoto a ku Chinyunyu, ku Rufunsa ndi ku Mpanshya acita bwino kusunga m'galimoto mapointi, kondensa, pulagi imodzi, fyuluta ya petulo ndi kapaipi ka mphira, zinthu zokwana m'thumba la jekete. Ndipo injini ikayamba kunjenjemera, atsate ndondomeko: kumvetsera, moto, mpweya, petulo, mavavu, sikuluwu pomalizira, kusintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi ndi kuyesa asanapite pa cina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku limodzi lofufuza modekha pansi pa mtengo ndi lochipa kuposa usiku wogona pa Manenekela ndi cimanga ca caka conse.