Chifukwa chake umboni woyeza mowa umagwa m'khoti

Dalaivala akazengedwa mlandu woyendetsa galimoto ataledzera, kawirikawiri maloya ake sakana zoti anamwa. Iwo amalimbana ndi momwe munthuyo anayezedwera.

Izi zinaonekera poyera m'dziko la South Africa m'chaka cha 2011 pomwe khoti lalikulu la m'chigawo cha Western Cape linamasula dalaivala wina yemwe anayezedwa mpweya ndi makina a Dräger.

Woweruza milandu Nathan Erasmus anapeza zofooka pa kasamalidwe ka makinawo komanso pa maphunziro a owagwiritsa ntchito. Kutsatira chigamulochi, boma linaleka kudalira makinawa pa milandu kufikira m'chaka cha 2016 pomwe chigawochi chinayambanso kuwagwiritsa ntchito.

Malamulo a dzikolo amati dalaivala wamba walakwa ngati mowa wafika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, ndipo amayenera kuyezedwa pasanathe maola awiri.

Makinawa amafuna mpweya wochokera m'mapapo. Mowa wotsalira m'kamwa umakweza nambala, n'chifukwa chake woyeza amayenera kudikira mphindi zosachepera 15 asanamupatse munthu kuti apumiremo.

Magazi nawo akasungidwa pamalo otentha popanda mankhwala owateteza amatha kusasa n'kupanga mowa paokha. Maloya amafunsanso za yemwe anatenga magaziwo, yemwe anamata botolo komanso yemwe anakalipereka ku labotale. Pakasowa siginecha imodzi, chikaiko chimalowa, ndipo khoti silimanga munthu pa umboni wokaikitsa.

Choncho apolisi, achipatala ndi oimira boma pa milandu ayenera kusunga bwino ziphaso zosonyeza kuti makina anaunikidwa komanso kulemba nthawi ya chilichonse. Akapanda kutero, woledzera weniweni amabwerera pamsewu.