KODI MWAYE UNGASANDUKE NYALE?

Palibe mai amene amakondwera ndi mwaye. Umadetsa tsindwi, umadetsa miphika, ndipo mwana amene wawerenga usiku pa koloboyi amadzuka m'mawa mphuno ziri bii. Koma masiku ano akatswiri a sayansi m'maiko ambiri ali kuyesa kupanga nyale za magetsi ndi cinthu cimene ciri m'mwaye momwemo. Dzina lace ndi kaboni. Makala a pa mbaula ndi kaboni, malasha a ku mgodi wa Maamba ndi kaboni, ndipo mwaye nawonso ndi kaboni.

Kaboni m'nyale za kale

Kaboni sanayambe lero kuunikira anthu. Lawi la kandulo limawala cifukwa m'kati mwace muli tizidutswa ta kaboni timene tatentha kufikira titayera. Timene tathawa osapsa ndito timasanduka mwaye. Nyale ya kabaidi, imene anthu a m'migodi yambiri anali kutsika nayo pansi kale, inali kugwira nchito cimodzimodzi: madzi anali kudonthera pa kabaidi, mpweya wa kaboni wambiri unali kuturuka, ndipo mpweyawo ndiwo unali kuyaka. Ngakhale babu limene Thomas Edison anapanga ku America m'caka ca 1879 linali ndi kaulusi ka thonje kootcha, ndiye kuti kaulusi ka kaboni.

Nyale zonsezi zinali ndi bvuto limodzi. Kuti ziwale zinayenera kutentha, ndipo mphamvu yambiri inali kuthera m'kutenthako. M'babu la kawaya, pa magawo 10 a magetsi, magawo 9 kapena kuposa amasanduka kutentha cabe.

Anthu a ku Kabwe adziwa kumene magetsi amacokera. Damu la pa mtsinje wa Mulungushi linatsegulidwa m'caka ca 1925 ndi mwana wa Mfumu ya ku Mangalande, kuti lipereke magetsi ku mgodi wa Broken Hill. Kufikira lero magetsi ambiri a m'Zambia amacokera ku madzi, ndipo madzi amacokera ku mvula. Pa cilala ca 1924 kunalibe wodandaula za magetsi m'komboni, koma pa cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, mizinda inali kukhala mumdima maora ambiri tsiku liri lonse. Cotero nyale yosataya magetsi ndi nkhani ya m'nyumba iri yonse.

Nyale yosayaka moto

Nyale zimene zafala tsopano, zochedwa LED, ziribe lawi, ziribenso kawaya kotentha. M'kati mwace muli kacidutswa kolimba, kocepa ngati kambeu ka mapira, kamene kamawala magetsi akapitamo. Babu la LED la mawati 9 limaunikira monga babu lakale la mawati 60. Amuna atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2014 cifukwa copeza njira yopangira kacidutswa kowala buluu.

Koma kuwala kwa buluu sikukoma m'nyumba. Cotero opanga mababu amapaka ufa wacikasu pamwamba pa kacidutswako. Ufawo umameza gawo lina la kuwala kwa buluu ndi kuturutsa kwacikasu, ndipo ziwirizi zikasanganikirana maso amaona kuwala koyera. Nkhani yonse ya kaboni yagona pa ufa umenewu. Ufa wa masiku ano amaupanga ndi zitsulo zobvuta kuyenga, monga yttrium ndi cerium, ndipo zambiri za izo zimayengedwa m'dziko limodzi, la China.

Akatswiri anapezanso timadontho tating'onoting'ono timene mtundu wa kuwala kwace umasintha monga mwa kukula kwa dontho. Amene anatsogolera nchito imeneyo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2023. Koma timadontho towala bwino koposa anayamba kutipanga ndi kadimiyamu, ndipo tina amatipanga ndi mtovu. Apa munthu wa ku Kabwe safuna womasulira. Mgodi wa Broken Hill unaturutsa mtovu, zinki ndi kadimiyamu kufikira unatsekedwa m'caka ca 1994, koma fumbi lace likali m'nthaka ya ku Kasanda, ku Makululu ndi ku Chowa, ndipo madokotala apeza mtovu wambiri m'magazi a ana a kumeneko. Zitsulo za m'timadontho nzocepa poyerekeza ndi mulu wa pa mgodi, koma cinthu ciri conse cogulidwa m'sitolo cidzafika ku dzala tsiku lina.

Timadontho ta kaboni

M'caka ca 2004 akatswiri a pa University of South Carolina anali kutsuka mwaye wocokera ku moto wa magetsi, pofuna cinthu cina. Mosayembekezera anaona kuti tizidutswa tina ta m'mwayewo tiri kuwala akatiunikira. M'caka ca 2006 Ya-Ping Sun ndi anzace a pa Clemson University anapeza njira yotiwalitsa kwambiri, ndipo anatichula timadontho ta kaboni. Caka cotsatira ena a pa Purdue University anatipanga ndi mwaye wa kandulo weniweni.

Kucepa kwace nkodabwitsa. Munthu atandanditsa timadontho 100,000 pa mzere umodzi, mzerewo sungapitirire milimita imodzi. Ndipo zopangira zace sizibvuta kupeza. Njira yodziwika ndi yosanganiza asidi wa mtundu wa m'mandimu ndi yuriya, yemweyo amene alimi amathira ku cimanga, ndi kuziphika m'cotengera cotseka pa madigiri pafupifupi 200. Ena atipanga ndi madzi a malalanje, ena ndi makoko a zipatso.

Timadonthoti sitiwala tokha monga ciphaniphani. Timafuna kuwala kwa buluu, kapena kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kuti timeze ndi kubweza mtundu wina. Ndiye kuti tingathe kugwira nchito ya ufa wacikasu uja, popanda mtovu, popanda kadimiyamu, ndiponso popanda kukumba zitsulo zosowa. M'nyumba zoyeseramo za sayansi apanga kale nyale zoyera za mtundu umenewu, ndipo zinawala.

Cimene catsala

Nanga bwanji mababu ace sali m'masitolo a m'Kabwe? Zifukwa ziripo zinai. Coyamba, timadonthoti timawala bwino tikakhala m'madzi motalikirana, koma tikauma ndi kuunjikana timazimitsana. Cotero akatswiri ali kuyesa kutimwaza m'pulasitiki kapena m'sitachi, monga mlimi amatalikitsa mapando. Caciwiri, kuwala kofiira kumaturuka kofooka, ndipo popanda kufiira nyale imaoneka yozizira, nkhope za anthu nkumaoneka zotuwa. Cacitatu, kutentha kwa m'babu kumatifooketsa msanga, pamene babu la LED labwino liyenera kukhala maora zikwi zambiri. Cacinai, akatswiri sanagwirizanebe pa ceniceni cimene cimatiwalitsa, ndipo munthu amene sadziwa bwino cimene cimakometsa mowa wace sangafulule mofanana kawiri.

Cotero wina akabwera pa msika ndi babu limene ati nla kaboni, wogula asunge ndalama zace. Babu la LED wamba ndilo liri kupulumutsa magetsi lero, ndipo limayaka bwino ndi batire kapena ndi magetsi a dzuwa pamene a damu azima.

Koma nkhaniyi njoyenera kuitsata, makamaka anyamata ndi atsikana a ku sekondale ndi a pa Mulungushi University, imene inatsegulidwa m'caka ca 2008. Kuyenga mtovu ndi zinki kunafuna mgodi, njanji ndi damu. Kuphika timadontho ta kaboni kumafuna cipinda cimodzi, ziwiya zowerengeka ndi mutu wophunzira. Mzinda umene ana ace alipira mtengo wa citsulo ca poizoni uli ndi cifukwa coposa mizinda yonse cofunira kuti nchito imeneyi itheke.