CILUNGULIRA COSATHA

 Lero tikambirana za cilungulira, nthenda imene ambiri amaipeputsa.

M'cifu ca munthu muli madzi owawasa ochedwa asidi, amene amagaya cakudya. Pamene m'mero ukumana ndi cifu pali mnofu wonga mphete, umene umatseguka cakudya cikamatsika, nutsekanso. Mnofuwu ukalefuka, asidi amabwerera kum'mero. Pamenepo munthu amamva moto pacifuwa, amageya zowawasa, ndipo ena amatsokomola usiku kapena kusasa mau m'mawa. Zimenezi zikamacitika kawiri pa mlungu kapena kuposapo, nthendayo yakhazikika.

Tsono cimautsa nthendayi nciani? Munthu waweruka kunchito usiku, wadya nsima yambiri ndi ndiwo zamafuta ndi tsabola, nagona pomwepo. Mowa, fodya, kunenepa ndi lamba wothina zimaonjezera bvutoli. Amai apakati nawonso amabvutika nalo. Mapiritsi a aspirin ndi ibuprofen, amene ambiri amagula pakantemba thupi likamaphwanya, amapweteka cifu.

Akulu anati cikuni ca utsi koma kufumula. Idyani pang'ono pang'ono, ndipo papite maola 3 musanagone. Kwezani miyendo ya bedi ya kumutu ndi njerwa, masentimita 15 kapena 20, nimugonere kumanzere. Lekani kumwa soda wophikira therere masiku onse, pakuti ali ndi mcere woipira odwala BP.

Mankhwala a magnesium trisilicate amaziziritsa moto kwa kanthawi cabe. Omeprazole amacepetsa asidi weniweniyo; amamwedwa m'mawa, mphindi 30 musanadye, kwa milungu 4 kufikira 8, monga anenera dotolo. Ranitidine analetsedwa m'maiko ambiri m'caka ca 2020.

Koma mverani ici makamaka. Ngati nsima ikukakamira pakhosi, ngati mukuonda, mukusanza magazi, kapena cimbudzi cada bii, musati ndi cilungulira wamba. Khansa ya kum'mero njofala m'dera lathu lino, ndipo imayamba ndi kubvutika kumeza. Pitani msanga kukiliniki kwanu, kapena kucipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama. Iwo angathe kukutumizani ku University Teaching Hospital, kumene amaunika kum'mero ndi kacubu ka kamera. Ndipo ululu wa pacifuwa ukafika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, ungakhale mtima. Thamangirani kucipatala nthawi yomweyo.